Mwala wa m'khitchini nawo umamva ludzu

Linali Lachisanu, sabata yanga yachiwiri pa ntchito yatsopano ya m'nyumba ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg, m'chaka cha 2013. Adona anali atapita kokagula zinthu, ndipo ine ndinati lero ndiwaonetse kuti Mmalawi akagwira ntchito sasiya mbali. Ndinatunga madzi ofunda m'ndowa, n'kuthiramo viniga kapu yathunthu monga ndinkachitira kunyumba imene ndinkagwirako poyamba, ndipo ndinakolopa khitchini yonse kuyambira pakhomo mpaka kuseri kwa firiji. Pafupi ndi chitofu panali podontha mafuta, ndiye pamenepo ndinathirapo viniga wosasungunula n'kumusiya kanthawi kuti alowerere.

Pansi patauma ndinangoti kakasi. Matailosi amene m'mawa womwewo ankawala bwinobwino anali atachita mbuu, ndipo pafupi ndi chitofu paja panali chigamba choyera, chokhakhala ukachikhudza, chofanana ndi mapu a nyanja ya Chilwa. Ndinakolopanso ndi madzi okhaokha. Pakanyowa chigamba chinkasowa, pakauma n'kubwereranso. Ndinabwereza kanayi konse, thukuta lili kamukamu, mpaka ndinamva galimoto ikulowa pageti.

Adona sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoyang'ana pansi nthawi yaitali, kenako n'kupita kuchipinda kukaimbira foni amuna awo. Usiku umenewo sindinaone tulo. Kumudzi ana awiri anali ku sekondale, fizi yawo ikudalira ndowa yomwe ija, ndipo poloti imene ndinagula ku Bangwe inali isanathe kulipiridwa.

Lolemba kunabwera mmisiri wa miyala, bambo wa ku Zimbabwe wochokera ku Mutoko, dera limene amakumbako granite wakuda amene amatumizidwa mpaka maiko a kutali. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anayamba kundilankhula Chichewa chothyokathyoka chimene anaphunzira kwa agogo ake, amene anapita kumeneko kukagwira ntchito m'mafamu kalekale. Anagwada, n'kusisita chigamba chija ndi chala, ndipo anaseka. "Achimwene, mwalawu simunaudetse. Mwaudya."

Masiku awiri amene anakhala pamenepo akupala pansi ndi makina, ine ndikumutungira madzi, anandiphunzitsa zimene ndikufuna kugawana ndi awerengi anzanga lero. Ndikulemba chifukwa masiku ano ndikuona anthu ambiri omanga nyumba m'matauni mwathu akuika miyala yeniyeni pansi, pakhonde ngakhale pa matebulo a m'khitchini, koma amene amawagulitsa sawauza kuti mwala uli ndi mwambo wake.

Miyala imene amadula kukhala matailosi ili m'mabanja awiri. Banja loyamba ndi la miyala ya laimu: marble, limestone ndi travertine. Ndi abale a mwala umene unkakumbidwa ku Changalume m'boma la Zomba popanga simenti, komanso umene anthu amawotcha ku Chenkumbi m'boma la Balaka kuti apeze laimu. Pansi pa adona paja panali pa travertine wochokera ku Turkey, mwala umene umapangika pa akasupe a madzi a laimu, ndipo ndi womwewo umene Aroma anamangira bwalo la Colosseum. Mwala woti wakhala chiimire zaka pafupifupi 2,000 ku Rome, ine ndinauwononga m'mphindi 20 ndi botolo la viniga. Chifukwa chake n'chakuti laimu ndi asidi sizionana. Chilichonse chowawasa chikagwera pa mwala wa mtunduwu chimasungunula khungu lake: viniga, mandimu, matimati, zakumwa za m'mabotolo, chambiko, bwemba, ngakhale thobwa logonetsa. Banja lachiwiri ndi la granite, quartzite ndi sileti, wachibale wa masileti aja ankalembapo makolo athu kusukulu. Amenewa zowawasa za m'khitchini saziopa kwenikweni, ngakhale kuti masileti ena amakhala ndi timizere ta laimu mkati.

Anandisiyanitsiranso zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Banga ndi chinthu chimene chalowa mu mwala, monga mafuta kapena tiyi, ndipo nthawi zambiri pamalopo pamada kuposa mwala wonse. Limatheka kulikoka n'kulitulutsa. Koma pamene asidi wadya pamayera, pamakhakhala, ndipo palibe sopo amene angachotsepo kanthu chifukwa palibe chimene chalowa, mwalawo ndi umene wachoka. Mankhwala ake ndi kupala pansi ponse ndi zopalira za dayamondi, kuyambira zokhakhala kutsirizira zosalala. Ndalama imene analipiritsa inaposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Abwana anandidula theka lake pang'onopang'ono kwa miyezi itatu, koma ntchito anandisungira, ndipo ndinakhala nawo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya langa, ndipo kuyambira pamenepo khitchini ija ndinkaisamala ngati khanda.

Pamene ndinkatsanzika m'chaka cha 2019, m'galaja munali makatoni a matailosi a sileti amene anatsala pomanga khonde lawo, ochokera ku migodi ya m'chigawo cha North West. Mtundu wake unali wosakanikirana, pena motuwa, pena mofiirira ngati dzimbiri, pena mwachikasu. Ndinawapempha ndipo anandipatsa. Anali okwana masikweya mita 14, olemera kuposa matumba asanu ndi awiri a simenti, moti wa thiraki amene ananyamula katundu wanga anapukusa mutu asanatchule mtengo. Anadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ku Tete mpaka kulowa pa Mwanza, ndipo asanu ndi anayi anafika ali zidutswa.

Mayi a kunyumba atatsegula katoni yoyamba anagwira m'chiuno. "Abambo, anzanu akamachoka ku Joni amabwera ndi mafiriji ndi mipando. Inu mwabwera ndi miyala? Kodi miyala yatha m'phiri la Bangwe?" Iwo ankafuna matailosi oyera onyezimira a m'sitolo, ngati a anzawo a kumvano. Kunena zoona, sankalakwitsa kwenikweni. Matailosi a m'sitolo amawotchedwa ku fakitale n'kuwakuta ndi khungu langati galasi, motero madzi ndi mafuta zimangoyandama pamwamba. Mwala weniweni uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo umamwa ngati mphika watsopano wa dothi. Amene amafuna pansi pongokolopa n'kuiwala, agule a m'sitolo, sindimunyoza. Koma a m'sitolo akagweredwa ndi mpoto wolemera amabenthuka n'kuonetsa dothi la mkati, pamene mwala ndi umodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ukamakalamba m'pamene umakongola.

Mmisiri amene ndinamupeza anali katswiri pa njerwa ndi pulasitala, koma mwala anali asanaikepo. Tinakangana kawiri. Koyamba, pothira konkire ya pansi ndinaumirira kuti tiyale kaye chipepala chakuda cha pulasitiki. Iye anati n'kutaya ndalama, nyumba zonse za m'deralo zilibe. Koma chinyezi cha m'nthaka chimakwera kudzera mu konkire, n'kutenga mchere wa mu simenti, ndipo chikafika pamwamba pa mwala chimauma n'kusiya ufa woyera umene anthu amayesa nkhungu. Kachiwiri, ndinati tailosi iliyonse tiipake kaye sealer kumaso tisanathire girauti, simenti yosalala ija yotsekera mipata. Sileti ili ndi timakwinya, ndipo girauti akalowa m'menemo pa mwala wosapaka amakanirira, moti pomuchotsa amisiri ambiri amathamangira asidi, asidiyo n'kudya girauti wa m'mipata momwe. Ndinali ndi lita imodzi ya sealer imene ndinabwera nayo, ndipo inathera pamenepo. Pa ziwirizi ndinapambana, ndipo ndinayamba kudziona ngati mphunzitsi.

Kudzitama kumeneko n'kumene kunandigwetsa. Konkire tinathira mu Disembala, matailosi tinaika mu Januwale 2020, ndipo kumapeto kwa Febuluwale kunali chinkhoswe cha mwana wathu wamkazi. Akuchimuna ankabwera kuchokera ku Ntcheu, ndipo mayi anati khitchini iwale kuti alendo asatiyese anthu okhala m'phanga. Ndinapita ku Limbe, n'kuzungulira masitolo a zomangira, ndipo chimene ndinapeza chinali chitini cha sealer wonyezimiritsa, wokhala pamwamba ngati vanishi. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Mumtima ndinkadziwa kuti pansi sipanaume, koma ndinapaka, kawiri konse.

Tsiku loyamba panali pokongola zedi, moti anthu oyandikana nafe ankabwera kudzasuzumira. Pofika tsiku lachisanu panayamba kuoneka timitambo toyera mkati mwa kunyezimirako. Pa tsiku la chinkhoswe pansi ponse panali ngati pathiridwa mkaka, pena pakusendeka ngati khungu la njoka, ndipo mlamu wanga wina anaterereka atanyamula beseni la mpunga chifukwa panali patadonthera madzi. Mwamwayi sanavulale, koma mpunga unapita, ndipo nkhani yake imakambidwabe pa maliro ndi pa maukwati a kwathu.

Cholakwika chinali chodziwikiratu. Simenti imalimba mokwanira pa masiku 28, koma kulimba ndi kuuma ndi zinthu ziwiri. Konkire yochindikala imatenga miyezi kuti madzi ake atuluke, makamaka nthawi ya dzinja. Popeza pansi pake ndinali nditayala pulasitiki, madziwo analibe kolowera kwina koma kukwera m'mwamba, ndipo ine m'mwambamo ndinali nditatsekamo ndi chivindikiro. Apa m'pamene pagona kusiyana kwa mitundu iwiri ya sealer, ndipo wogula aliyense afunse asanapereke ndalama. Wina amakhala pamwamba n'kupanga khungu. Amanyezimira, koma amakalika ndi mapazi, amaterera akanyowa, amatsekera chinyezi, ndipo akakalamba uyenera kumusenda yense usanapake wina. Wina amalowa mkati mwa timabowo ta mwala n'kukakhala m'menemo. Pachitini pake pamalembedwa kuti impregnating kapena penetrating. Sasintha maonekedwe kwenikweni, amakankha madzi ndi mafuta, koma mpweya wa chinyezi amaulola kutuluka. M'khitchini ine ndimalimbikitsa wachiwiriyu, ndipo muonetsetse kuti alembapo kuti amateteza ku mafuta, chifukwa ena amateteza ku madzi okha. Aliponso wolowa mkati yemweyo koma wodetsako mtundu, woti mwala uzioneka ngati wanyowa nthawi zonse. Ameneyo ndi wokongola pa sileti, koma ukapaka wapaka, kubwerera n'kovuta, ndiye yesani kaye pa chidutswa. Wogulitsa akakupatsani vanishi wa matabwa n'kunena kuti n'chimodzimodzi, mubwezereni mwaulemu.

Kusenda chikhungu chija kunanditengera masiku atatu ndili chogwada, ndi mankhwala osungunulira onunkha koopsa, burashi yolimba ndi nsanza zosawerengeka. Kenako tinadikira. Miyezi yonse ya chisanu mayi ankakazingira nsomba panja, ndipo m'khitchini anayalamo makatoni pafupi ndi chitofu. Tsiku lililonse ndinkakumbutsidwa za matailosi oyera a m'sitolo.

Mu Seputembala, kutayamba kutentha, ndinayesa ngati pauma. Njira yake ndi yosafuna ndalama: mumadula pepala la pulasitiki lotalika theka la mita mbali zonse, n'kulimata pansi ndi tepi m'mbali monse kuti mpweya usalowe, n'kulisiya usana ndi usiku. Mukamatula n'kupeza timadontho kunsi kwa pepalalo, kapena mwala utada pamalopo, ndiye kuti madzi akadalimo. Ulendo woyamba ndinapeza kachinyezi pakona ya kusinki. Nditayesanso kumayambiriro kwa Okutobala panali pouma gwa. Kwa ife kuno miyezi iwiri imeneyi ndiyo nyengo ya ntchitoyi. Mphwanga wina amene amayenda maulendo a ku Joni anali atandibweretsera malita awiri a sealer wolowa mkati.

Ntchito yeniyeniyo si yovuta, imangofuna munthu wosapupuluma. Tinatulutsa zonse m'khitchini. Ndinasesa, n'kutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, n'kutsukuluza kawiri, chifukwa litsiro lililonse limene mungasiye mumalitsekera mkati mpaka kalekale. Ndinasiya masiku awiri kuti paume, mazenera ali pululu, ana ndi nkhuku zili kutali. Sealer wanga anali wa fungo ngati la thinazi, woyaka moto, choncho tsiku limenelo panalibe mbaula, kandulo kapena fodya pafupi. Alipo wina wosungunulidwa ndi madzi amene sanunkha kwambiri, ndipo m'nyumba ya ana kapena ya munthu wa mphumu ndi amene ali bwino.

Ndinayambira kukona ya kutali ndi khomo kuti ndisadzitsekere. Ndinkathira pang'ono m'kambale, n'kupaka ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi, matailosi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu nthawi imodzi, pamodzi ndi mizere ya girauti, popeza girauti amamwa kuposa mwalawo. Pamene paphwa msanga ndinkawonjezera. Pakatha mphindi pafupifupi 10 ndinkatenga nsalu ina youma n'kupukuta zonse zotsala pamwamba mpaka pasamamveke kunyowa. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Amaganiza kuti kusiya wambiri ndiye kuteteza kwambiri, koma wotsala pamwamba akauma amachita nembenembe, amamata, ndipo fumbi lonse la mu Okutobala limakakamira pomwepo. Zikakuchitikirani, pakaninso pang'ono sealer yemweyo kuti afewetse woumayo, n'kupukuta nthawi yomweyo. Nditatha ndinadikira maola amene analemba pachitini, n'kupakanso kachiwiri, ndipo ulendo umenewu mwala unamwa pang'ono chabe, chizindikiro choti wakhuta. Khitchini ya mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali inadya lita imodzi ndi theka. Tinayamba kupondapo mawa lake, koma madzi sanagwepo masiku atatu. Nsanza ndinaziyanika panja chotambasula, osaziunjika.

Pa tsiku lachinayi ndinaitana mayi, n'kudonthetsa madzi pa tailosi ya pafupi ndi chitofu. Anaundana ngati mame pa tsamba la koko, osalowa. Mayi anayang'ana, n'kunena kuti, "Chabwino, koma sipakuwala." Ndinasiya nkhaniyo pomwepo.

Tsono pali chinthu chimene ogulitsa sanena. Sealer sasandutsa mwala kukhala chitsulo. Amangokupatsani nthawi. Mafuta amene akanalowa m'mphindi imodzi amatenga maola, koma mukawasiya usiku wonse amapezabe njira. Ndipo kwa amene muli ndi marble kapena travertine, sealer wolowa mkati saletsa asidi kudya, chifukwa khungu la mwala limakhalabe poyera. Ndimu ikagwa, pukutani nthawi yomweyo, ndipo muzichita kudinda ndi nsalu m'malo mosisita, kuti musafalitse.

Mdani wamkulu m'khitchini ya Chimalawi ndi mafuta. Timakazinga usipa, chambo, mandasi, tchipisi, ndipo zonsezi zimathetheka. Tsiku lina botolo la mafuta linadontha kuseri kwa kabati kwa sabata yathunthu osaonedwa, ndipo linasiya banga lakuda ngati chikhatho. Njira imene anandiphunzitsa bambo wa ku Mutoko uja inagwira ntchito. Mumatenga soda yemweyu timathira m'therere, n'kumusakaniza ndi madzi pang'ono kuti akhale phala lolimba, n'kumata pa bangapo mochindikala ngati chala. Mumavindikira ndi pulasitiki, n'kumata m'mbali, n'kusiya tsiku limodzi kapena awiri. Kenako mumachotsa pulasitikiyo kuti phalalo liume lokha, chifukwa pouma m'pamene limakoka mafuta kuchokera mu mwala. Likauma mumapala ndi chinthu cha pulasitiki kapena chathabwa. Langa linachoka nditabwereza katatu, ndipo pamalopo ndinapakanso sealer.

Mdani wachiwiri anthu samuganizira: mchenga. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene anakonza Friedrich Mohs m'chaka cha 1812, woyambira pa 1 kulekeza pa 10, mwala wa laimu uli pa 3 pamene mchenga wamba uli pa 7. Ndiye kuti kamchenga kalikonse kamene kalowa ndi nsapato kamakhala ngati sandipepa pansi pa phazi. Sileti nayo ndi yofewa kuposa mchenga. Tsache lofewa m'mawa ndi madzulo, ndi chopondera pakhomo, zimateteza pansi kuposa mankhwala aliwonse odula. Pachifukwa chomwecho phulusa, mchenga wokwechera mapoto, ufa wotsukira masinki ndi chokwechera chachitsulo chija zisayandikire.

Pokolopa timagwiritsa madzi ofunda ndi timadontho tochepa ta sopo wamadzi wotsukira mbale, chokolopera chofinyidwa bwino, kenako madzi oyera. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi waukali, amafooketsa sealer msanga ndipo amasiya utoto wotuwa. Jik ndi wabwino pa ntchito zake, koma wa tsiku ndi tsiku pa mwala ayi. Ndipo pano ndichenjeze ngakhale amene alibe mwala: musasakanize Jik ndi viniga kapena mankhwala a m'chimbudzi poganiza kuti muwonjezera mphamvu, chifukwa zimatulutsa mpweya wa poizoni umene ungakugwetseni m'chipinda chotseka. Amene mumatunga pa mjigo wa madzi amchere, pukutani pansi ndi nsalu youma mukakolopa, apo ayi mudzaona mizere yoyera.

Nkhondo ina inali ya polishi. Tonse tinakulira pa simenti yofiira, Loweruka lililonse kugwada ndi chitini cha polishi n'kupukuta ndi chikoko cha kokonati kapena burashi mpaka nkhope izionekera. Mdzukulu wa mlongo wanga atabwera kutchuthi anafuna kutisangalatsa, ndipo ndinamupeza atatsiriza kale matailosi anayi ndi polishi wofiira. Polishi ndi phula losakaniza ndi utoto. Pa simenti ndi wabwino, koma pa mwala amadzaza timakwinya, amagwira litsiro ndipo sealer wina sangadzalowenso. Poti pansi panali popakidwa kale, anachoka ndi madzi otentha, sopo ndi burashi, kungotsala kamzere kofiira mu girauti kamene kakuonekabe mpaka lero. Mwanayo sindinamukalipire. Ndinakumbuka ndowa yanga ya ku Randburg.

Magetsi akazima, chiyeso chimakhala cholowetsa mbaula m'khitchini. Kupatula kuti utsi wosaoneka wa makala umapha m'nyumba yotseka, kutentha kwa mbaula kumawotcha sealer, ndipo sileti ikhoza kusendeka chifukwa ndi mwala wa magawomagawo. Miyendo ya mbaula ndi tsinde la silinda ya gasi zikakumana ndi madzi okolopera zimasiya mkombero wa dzimbiri, ndipo dzimbiri ndilo banga louma mutu kuposa onse, chifukwa mankhwala ambiri olichotsera ndi asidi. Silinda yathu imakhala pa kathabwa, ndipo mbaula malo ake ndi pakhonde la kuseri.

Kwa amene mukufuna kugula miyala yaphanthiphanthi imene anthu amaswa m'mapiri n'kumagulitsa m'mbali mwa misewu, musaipeputse, ina ndi yabwino kuposa yochokera kunja. Koma pemphani chidutswa mupite nacho kunyumba. Pena mudonthetse madzi, pena madzi a ndimu, pena mafuta ophikira, n'kusiya theka la ola. Pa ndimu pakachita thovu kapena kuyera, umenewo ndi wa banja la laimu, ndipo m'khitchini udzakulizani. Madzi akalowa nthawi yomweyo, dziwani kuti mwalawo ndi waludzu ndipo udzadya sealer wambiri, choncho muwerengere mtengo wake musanagule. Muonenso ngati sukunyenyeka mukaukanda ndi msomali.

Amene anandimvetsa bwino pa zonsezi ndi apongozi anga aakazi, amene anabwera kuchokera ku Thyolo chaka chatha kudzaonana ndi adokotala a maso. Anandipeza ndili chogwada ndi kambale ndi nsalu, ndipo anaima pakhomo n'kumandiyang'ana. "Kodi bambo, mukuzira?" Ndinati ayi amayi, ndikupaka mankhwala oteteza mwala. Anati, "Ndi kuzira kumeneko. Ife timatenga dothi la kudambo, kupaka ndi manja, kukulungiza ndi mwala wosalala, n'kuletsa ana kupondapo mpaka paume. Mukasiya miyezi iwiri, pansi pamayamba kufumbuka. Kusiyana kwake n'koti kwathu amuna sagwada." Mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira khoma.

Funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti apakenso pakatha nthawi yaitali bwanji. Pachitini amalemba zaka, koma chitini sichidziwa kuti m'nyumba mwanu mumadutsa mapazi angati. Ine ndimafunsa mwalawo. Chaka chilichonse mu Okutobala ndimadonthetsa madzi malo anayi: pakhomo, pasinki, pachitofu ndi pakona imene sipapondedwa. Ndimadikira mphindi 15 n'kupukuta. Pamene pasiya chizindikiro chakuda ndiye kuti pakufunika. Kwa zaka ziwiri zoyamba malo onse anayi anakana madzi. Chaka chachitatu pasinki ndi pachitofu panamwa, ndipo ndinapaka njira yokhayo imene mayi amayendamo pophika, theka la lita n'kukwana. Pakona paja mpaka lero madzi amangoundana.

Mwezi wathawu mnzawo wa mayi wa kumvano, mwini matailosi oyera aja, anabwera kudzabwereka sefa. Ake atatu anabenthuka pamene mtondo unagwa, ndipo mtundu umenewo m'sitolo unatha kalekale. Ndili pabalaza ndinamva akufunsa kuti miyala yotereyi imapezeka kuti, ndipo mayi anayankha kuti, "Tinaitanitsa ku Joni, koma imafuna munthu woidziwa." Kenako anatsitsa mawu, koma ndinamvabe akumuuza kuti asadzayerekeze kupaka nthawi ya mvula.